Mbira Zisanu ndi Imodzi za Ba Sakala

Ndikakumbukira Ba Sakala, oyandikana nafe ku Mtendere, ndimamva fungo la udzu wonyowa wa m'khola la mbira zawo, lomwe linkadutsa pa mpanda wa malata n'kusakanikirana ndi utsi wa mbaula yathu, mbirazo zikulira zitamva mapazi awo. Anali atapuma pa ntchito yosesa ndi kudyetsa makoswe oyera kumalo ena ofufuzira mankhwala, choncho anthu ankawaseka kuti ndi dokotala wa makoswe.

Ndili mu giredi faivi, akazi awo, Amake Dalitso, anayamba kusintha. Ankavala juzi mu Okutobala ena tikuthawira pamthunzi, ankawodzera akusenda nyemba, khosi linatupa, mawu nawo anasasa. Mng'ono wa mayiwo anabwera ndi botolo la madzi akuda a mizu ndi masamba, logula ku Kalikiliki.

"Mulamu, bapaseni lelo," anatero mng'onoyo. "Mufuna bafe muli kuyangana?"

"Ziyambe kumwa ni mbira," anayankha Ba Sakala.

Mng'onoyo anachoka akukuwa kuti mkulu wake wakwatiwa ndi munthu wouma mtima.

Ine ndinkasuzumira pa bowo la mpanda. Ndinawaona Ba Sakala akugawa mbira zawo pawiri ndi thabwa. Zitatu ankazidonthezera mankhwalawo m'kamwa m'mawa uliwonse, zitatu zinazo ayi. Chidwi chinandikulira mpaka ndinafunsa.

"Ba Sakala, nanga izo mwazimana chifukwa chani?"

"Iwe Tisa, nikapasa zonse, nizaziba bwanji kuti ni mankhwala yachita?"

Tsiku lachinayi, zitatu zomwa mankhwala zija zinasiya kudya, ubweya uli nyankhalala. Tsiku lachisanu imodzi inafa. Zinzake kuseri kwa thabwa zinkangotafuna makoko a kabichi. Ba Sakala sanadzitame. Anakhala pa njerwa atanyamula yakufayo m'manja, mpaka Amake Dalitso anati, "Nipelekeni ku kiliniki."

Kumeneko anawatenga magazi, nawauza kuti chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chinkagwira ntchito mofooka. Anawapatsa timapiritsi ta tsiku ndi tsiku. Pofika nthawi ya mvula, anali atayambanso kutithamangitsa pa mtengo wawo wa mango.

Ndinawafunsa Ba Sakala ngati ndiye kuti zitsamba zonse n'zoipa.

"Awe. Mbira ni yaing'ono, mwina munthu sembe sanafe. Mwina kuli tsamba lina lamene lingathandize, bazalipeza. Ine naziba chabe za botolo imodzi."

Lero ndimagulitsa tsabola, adyo, jinja ndi ufa wa chamwamba pamsika wa ku Chawama. Nthawi zina mayi amafika atakulunga mpango pakhosi, n'kufunsa monong'ona ngati ufawo ungaphwetse chotupa. Mnzanga wa pa tebulo loyandikana amavomera msanga. Ine ndimati sindikudziwa, ayambe akayezetsa magazi. Ambiri amakagula kwa mnzangayo. Mmodzi anabweranso patapita miyezi, wopanda mpango, kudzagula adyo.