Zimene Ananena pa Wailesi

Mwana wathu atabadwa, mkazi wanga anasiya kulankhula. Ankayamwitsa, ankachapa matewera, koma maso ake anali ngati a munthu wodikira lole pamsewu. Apongozi anga anati mizimu ya kwawo ku Zambezi sinakondwe kuti anakaberekera kumtunda. Ine, mphunzitsi wodutsa ku koleji, ndinati ndi kuchepa magazi, ndipo ndinagula mapiritsi.

Pakiliniki yathu, m'dera la Mburuma, panali wailesi ya mauthenga yoyendera batire, yoitanira ambulansi. Namwino wapamenepo anapangana ndi asisita ena a ku Lusaka, odziwa matenda a maganizo, kuti azilankhula ndi mkazi wanga Lachitatu lililonse. Anamuonetsa pofinya akafuna kulankhula, ndi kunena kuti "ova" akamaliza.

Tsiku loyamba ndinaima pambali pake. Asisita atafunsa ngati amagona tulo, ndinayankha ndine, m'Chingerezi. Wailesi inasokosera pang'ono, kenako mawu anabwera.

"Zikomo aphunzitsi, koma odwala sindimwe. Nyamulani mwana mukapumeko panja. Ova."

Namwino anaseka. "Mwamva, a Ticha? Belu lalira, tulukani m'kalasi."

Kuyambira pamenepo malo anga anali pansi pa mtengo wa msau, pafupi ndi windo la chipinda cha wailesi. Ndinkaonetsa mwana mbuzi, kumuimbira nyimbo za ana a giredi wani, kumukweza m'mwamba mpaka aseke. Nthawi imeneyo ndinkaikonda. Kunyumba tinkayenda monyang'ama ngati pamaliro, koma pansi pa mtengo uja ndinkapuma. Pobwerera, mkazi wanga atakhala kumbuyo kwa njinga, ndinkafunsa kuti zayenda bwanji. Ankati bwino. Sindinkafunsanso. Ndinkadziuza kuti ndikulemekeza chinsinsi chake.

Anayamba kupezako bwino. Tsiku lina anandikalipira kuti ndagula nsomba zowola, ndipo ndinakondwera kumva mawu ake akukwera. Kenako dzinja linafika ndi malungo, ndipo anamugwira mkazi wanga. Mitsinje inadzaza. Namwino anaitana ambulansi pa wailesi yomweyo, koma inalephera kuwoloka. Anamwalira, tinamuika kwawo.

Mvula itatha ndinapita ku Boma kukagula sopo ndi mkaka wa mwana. Pamsika anandiimitsa bambo wina wachikulire, nati amathandiza pakiliniki ina kufupi ndi Kavalamanja, ndipo anandiona pamaliro. Anapepesa, kenako anaima akupotokola chisoti m'manja.

"Aphunzitsi, wailesi ija ilibe chitseko. Wina akalankhula, makiliniki onse amamva. Tinkachepetsa mawu, koma kuzimitsa sitikanatha, mwina wina akufuna ambulansi."

Anthu osawadziwa, m'tizipinda tawo mpaka kumtsinje, anamva mkazi wanga akulankhula. Amene sanamve ndinali ine, amene ndinali pafupi kuposa onse.

"Ankanditchula?"

"Zambiri sindinganene, n'za malemu. Koma chimodzi n'chanu." Anayang'ana pansi. "Anauza asisita kuti akufuna mudziwe zimene zili mumtima mwawo, koma sadziwa poyambira. Asisita anati, aitaneni alowe, tiyambe pamodzi, ine ndilipo. Panakhala zii, ife mpaka tinayesa batire yatha. Kenako akazi anu anati, asiyeni, akuseka ndi mwana, kunyumba saseka."

"Asisita anati chiyani?"

"Anati chabwino, Lachitatu lina."

Ndinathokoza bambo uja, ndinamugwira chanza ndi manja awiri, ndinamufunsa za madzi a mtsinje ndi za nsomba chaka chimenecho. Sopo ndinagula. Mkaka ndinaiwala, ndinakumbukira lole itanyamuka kale.

Windo lija ndimalikumbukira bwino. Linalibe katani. Ndikanangotembenuka ndikanamuona akundiyang'ana, chala chili pofinya paja. Koma nthawi zonse ndinkakhala molifulatira, chifukwa mbuzi zinali mbali inayo.