Aphunzitsi Mbewe ndi Mwana wa Telala

A Pius Mbewe anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, mwana wachitatu wa mlimi wa mtedza. Anaphunzira ku mishoni mpaka Sitandade 6, kenaka nachita maphunziro a uphunzitsi zaka ziwiri. Mu 1955 anawatumiza ku kasukulu kofolera udzu m'mbali mwa msewu waukulu, chakumadzulo kwa boma la Katete. Anafika kumeneko ndi akazi awo a Rhoda, njinga imodzi ndi sutikesi ya mabuku.

Pasukulupo panayenera kukhala aphunzitsi atatu, koma analipo awiri okha: iwo ndi akulu a sukulu, a Tomasi Sakala, amene chifuwa chinkawagoneka kawirikawiri. M'mawa a Mbewe ankaphunzitsa ana makumi asanu ndi limodzi, masana kunkabwera enanso makumi anayi. Lamulungu ankatsogolera mapemphero. Akaweruka, ankapeza amayi atandanda pakhonde ndi makalata a amuna awo ochokera ku migodi, kuti awawerengere ndi kuwayankhira. Sankadziwa kukana munthu, komanso sankadziwa kudandaula. Mutu unkawaphwanya tsiku ndi tsiku, koma a Rhoda akafunsa ankangoti, "Palibe kanthu, amayi."

M'chaka cha 1958, mu Sitandade 2 munali mtsikana wa zaka khumi, dzina lake Mwajabu. Atate ake, a Sumani, anali telala wochokera ku Nyasalande, Msilamu, amene ankasoka pakhonde la sitolo ku Katete. Iwo sankafuna kuti mwana wawo alowe sukulu ya Akhristu. Anawanyengerera ndi a Mbewe eni ake, maulendo atatu, mpaka kulonjeza kuti, "Mwanayu ndidzamusunga ngati wanga." Ndipo pa masamu panalibe womuposa Mwajabu.

Mu Okutobala 1958 kunabwera kalata yoti woyendera sukulu afika sabata yotsatira. A Sakala anali chigonere. Dzuwa linkaswa mtengo, ana thukuta lili kamukamu, ndipo kuchulukitsa ndi zisanu ndi ziwiri kunkawakanika ngakhale anabwereza kambirimbiri. A Mbewe poyenda pakati pa mabenchi anapeza Mwajabu akujambula diresi pa sileti. Masamu anali atamaliza kalekale, koma iwo sanayang'ane zimenezo. Anatsomphola siletiyo, kuimenyetsa pansi phwaa, namukwapula ndi rula pa zala katatu.

"Bwerera kwanu ukasoke zigamba ndi atate ako!" anakuwa. "Sukulu si ya anthu a mtundu wanu!"

Mwajabu sanalire. Anatola zidutswa za sileti, natuluka. M'mawa mwake malo ake anali opanda munthu, mkuja wake chimodzimodzi.

Woyendera sukulu anabwera, nayamikira ntchito ya a Mbewe pamaso pa ana onse. Mawu oyamikirawo ankawalasa mumtima ngati minga. Anayamba kusiya chakudya m'mbale. Poitana maina m'mawa, akafika pa dzina la Mwajabu lilime linkalemera, ana n'kumayang'ana pansi. Patapita masabata atatu, a Rhoda anawapeza atakhala kuseri kwa nkhokwe atagwira tsaya.

"Abambo, nkhaniyi ndinaimva kumjigo tsiku lomwelo," anatero. "Ndimadikira kuti ndiimve kwa inu."

A Mbewe anafotokoza zonse, kuyambira mutu wosapola uja mpaka mawu amene anatuluka pakamwa pawo. Aka kanali koyamba kuti aulule kwa munthu kuti ntchito yawakulira.

"Mwandiuza ine, chabwino," anatero a Rhoda. "Koma mwana si wanga."

Loweruka a Mbewe anapalasa njinga mpaka ku Katete. Anapeza a Sumani akupondaponda makina. Anavula chipewa nanjuta pambali.

"Ndabwera kudzapepesa, a Sumani. Ndinalakwa kwambiri. Mwana abwerere, sileti ndagula ina."

A Sumani anamaliza kaye msoko, nadula ulusi ndi mano.

"Zala zinapola, aphunzitsi. Koma mawu aja anabwera nawo kunyumba, anatiuza onse monga munawanenera. Mwana ndamutumiza kwa azakhali ake ku Dedza. Sabweranso."

A Mbewe anatulutsa sileti ija.

"Ine ndikapsa mtima sindigwira sizasi," anapitiriza a Sumani. "Nsalu ya mwini ukaidula molakwa, ngakhale ulire siibwerera. Ndimaimika makina, ndikasambe kumaso, ndikhale kaye pansi. Inu mumagwira ana a eni moto uli m'mutu. Kodi kusukulu kwanuko kulibe madzi?"

Sileti yatsopano ija a Sumani anakana kuilandira.

Kuyambira pamenepo a Mbewe anasintha kagwiridwe ka ntchito, osati tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono. Anaika mtsuko wa madzi panja pa kalasi. Akamva mtima ukukwera, ankauza ana kuti ayimbe nyimbo, iwo n'kutuluka kukasukusula. Amayi a makalata anawauza kuti azibwera Loweruka m'mawa basi. Ena ananyinyirika kuti aphunzitsi ayamba matama, koma anazolowera. Anatsegula kadimba kumtsinje, ndipo akaweruka ankathirira mpiru ndi matimati mpaka mapewa atamasuka. Analembera abambo oyang'anira masukulu a mishoni kuwauza mosabisa kuti anthu awiri sangathe ntchito ya atatu. Yankho linachedwa chaka ndi theka, koma mu 1960 kunabwera mphunzitsi wachinyamata, a Anthony Zulu, ndipo a Mbewe anawachenjeza tsiku loyamba pofotokoza zimene iwo eni anachita.

Sikuti anasanduka mngelo. Ankakalipabe, ndipo masiku ena ankaiwala kutuluka. Koma mutu unaleka kuwawa, ndipo rula sanaikwezerenso mwana.

Ku Dedza analembako makalata awiri, opempha azakhali aja kuti amulowetse Mwajabu sukulu. Sanayankhidwe. A Sumani ankawasokerabe mabuluku, ankawalonjera mwaulemu, koma za mwanayo sankatchula.

Mu 1963 a Mbewe anawasamutsira ku sukulu ina cha ku Vubwi. Popita kukatsanzika a Sumani, analimba mtima nafunsa za Mwajabu.

"Anakwatiwa chaka chatha," anayankha a Sumani. "Mwamuna wake ali ndi kagolosale. Akuti mitengo ya katundu amawonkhetsa ndi Mwajabuyo, pamtima, osalemba."

A Mbewe anawerengera zaka: pokwatiwa, mtsikanayo anali asanakwanitse khumi ndi zisanu. Anathokoza, natenga njinga yawo, koma sanaikwere. Anaikankha mtunda wonse mpaka kunyumba, kumene anapeza a Rhoda akumanga katundu.