Lamlungu Limene Ndinaimba Belu Kukungocha

Ndinabadwira kumapiri a ku Dambe, koma ndili kupulayimale mabanja angapo a kwathu tinatsikira ku Chifunga kukafuna minda. Tinamanga katchalitchi ka malata, komabe tinali nthambi chabe. Zonse ankalamula ndi akulu ampingo akumtunda, ngakhale nthawi yoyambira mapemphero. Ankati tiziyamba dzuwa litakwera, chifukwa kumapiri m'mawa kumazizira kwambiri.

Ku Chifunga nthawi imeneyo malata amakhala atayamba kale kuotcha. Ine ndinali woimba belu, lomwe linali limu ya tayala la galimoto yopachika mumtengo wa masau. Ntchitoyi ndinkaikonda chifukwa siifuna kulankhula.

Chilimwe china mayi woyembekezera anakomoka ulaliki uli mkati. Titatuluka anthu anakangana.

"Ife ndife a ku Dambe, malamulo ndi akwathu," anatero bambo anga.

"A ku Dambe amalima thonje?" anafunsa mayi wina wamasiye. "Kachewere munamukumba liti inu?"

Anthu anaseka, ndipo anagwirizana zoti tiziyamba kukangocha. Koma Lamlungu lotsatira kunkabwera mkulu wampingo wakumtunda kudzatiyendera, ndipo anali amalume anga, amene anandiphunzitsa kuwerenga. Ndinkaopa kuti atidula mumpingo, ine n'kukhala woyamba. Ndinaimbabe belu kukungocha.

Amalume anafika panjinga yamoto titamaliza, titakhala pamthunzi.

"Waimba belu ndani?"

"Ndine, amalume."

"Wakutuma ndani?"

"Tonse," ndinayankha nditawerama.

"Lowani. Tiyambirenso panthawi yake."

Tinalowa popanda wonyinyirika. Anayamba kulalikira atavala jekete lawo lakumapiri. Posakhalitsa thukuta linayamba kudontha pa Baibulo. Anavula jekete, kenako tayi, mawu n'kuyamba kusasa.

"Pitirizani akulu, uthenga ukukoma," anatero mayi wamasiye uja, akudzikupiza ndi mpango.

Amalume anamuyang'ana, n'kuseka okha, n'kutseka ndi pemphero lalifupi kwambiri.

Panja anamwa madzi osapumira. "Kumtunda ndikanena kuti za nthawi muziona nokha kuno," anatero. "Koma pamasika muzikwera ndithu ku Dambe, ndinu athu."

Ndinawakankhira njinga mpaka pamsewu, ndikudikira kuti andikalipire tili patokha. M'malo mwake anandifunsa kuti ulendo wina adzanyamuke nthawi yanji kuti adzatipeze tisanayambe.