Mutu Wanga pa Tsiku Lometa Maliro a Amayi

Ine dazi linandiyamba ndisanakwatire n'komwe. Sindidziwa kuti ndinatengera ndani, chifukwa bambo anga anapita kumanda ndi tsitsi lawo lonse. Kwathu kuno ku Mualadzi anzanga amene ndinakula nawo ankandipatsa moni wakuti "agogo". Ndinkaseka nawo, koma ndikafika kunyumba ndinkangokhala duu. Mwina kwa wina ndi nkhani yaing'ono. Kwa ine sinali yaing'ono.

Ndinkagwira ntchito yothandiza pa kamyau, galimoto yaikulu ya katundu, yodutsa pa malire a Cassacatiza kuchokera kuno ku Mozambique kupita ku Zambia, kumanga zingwe, kusintha matayala, kulondera katundu. Motorista, dalaivala amene ndinkayenda naye, ndiye anandionetsa zithunzi pa telefoni, amuna a dazi ngati ine, kenako omwewo ali ndi tsitsi lakuda bii. Anati ku Lusaka kuli kachipatala kena, amazula tsitsi kunkhongo n'kuliwokera kutsogolo monga tiwokera mbande za fodya. Mawu a fodyawo ndi amene anandigwira mtima. Fodya ndimamudziwa, ukamuwokera bwino amagwira. Ndinagulitsa njinga yanga yamoto. Amene ankadziwa ndi mkazi wanga yekha, ndipo ndinamuletsa kuuza munthu, chifukwa cha manyazi.

Nditafika ku Lusaka kuja anandigoneka chafufumimba, kundibaya jakisoni, n'kudula kachikopa kuchokera khutu ili mpaka khutu ili. Kuwawa sindinkamva, ndinkangomva kukoka pamene ankasoka. Atatero anaboola timabowo tambirimbiri pamwamba pa mphumi n'kumaikamo tsitsi lija. Potuluka anandipatsa malamulo. Ndisasambe kumutu kwa masiku angapo. Ndisayende padzuwa. Ndisasenze kanthu. Ndizigona chokhala. Ndipo ndiyambe ndatalikirana ndi mkazi wanga mpaka bala litapola.

Ndinafika kumudzi nthawi yopalira. Mphumi inatupa, kutupako kunatsikira m'maso mpaka mwana wanga wamng'ono anandithawa. Ndinkagona motsamira thumba la chimanga. Mkazi wanga ndi ana ali kumunda, ine bambo wathunthu ndili m'nyumba, nsalu kumutu. Panthawiyo ndinkangoganiza za tsitsi. Sindinaganize kuti mudzi ukuona chiyani. Tsopano ndikakhala pansi ndimati, inde, nanenso ndikanaona mnzanga wagulitsa njinga, wapita kutali osatsanzika, wabwera atamanga mutu, sasamba, saona dzuwa, sagona pamphasa ya mkazi wake, ndikanati chiyani? Malamulo otere kwathu kuno amapereka ndi sing'anga, kwa munthu amene wapita kukakhwima kuti alemere.

Nkhanambo zitayamba kugwa, tsitsi lowokera lija linagwa nazo. Ndinaimba kuchipatala kuja, anati zimatero, dikirani. Ndinadikira. Kuyabwa kwake, abale, munthu umafuna kudzikanda ndi chitsononkho, koma sakulola. Patapita miyezi linamera ndithu, koma lapatalipatali, kuno kamodzi, uko kamodzi, khungu likuonekera pakati. Munda wotere mwini wake sauonetsa alendo. Ndiye kunkhongo chipsera m'malo mochepa chinayamba kukula. Chinatupa, kulimba ngati chingwe chomangira katundu, ndipo kukatentha chinkaluma. Nditaimbanso anati khungu la anthu ena limatero, ndibwerenso adzawonjezere lina kutsogoloko. Ndibwerenso ndi chiyani? Ndinangosiya tsitsi lakumbuyo kuti likule liphimbe chipseracho, ndinagula chipewa, basi. Chipewacho ndinkavula pogona pokha.

Amayi anamwalira titangokolola. Anadwala chifuwa nthawi yaitali, ankadwala ndisanapite n'komwe ku Lusaka. Koma pamaliro ndinaona kuti anthu akundiyang'ana mwa mtundu wina. Ndikafika pomwe akhala amuna, nkhani inkatha. Mlongo wanga wamkulu, amene ankadwazika amayi, sanandilankhule ngakhale pamene tinkachokera kumanda.

Mkazi wanga ndiye anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo a ana, mukudziwa zimene akunena?"

"Akunena chiyani?"

"Akuti amayi mwawadya ndinu. Akuti kumutu kwanuko kuli mphini, n'chifukwa chake simuvula chipewa. Ine ndatopa kusunga pakamwa. Mawa ndi kumeta. Mukakana, mwavomera."

Kwathu, ngakhale enafe timapemphera, mwambo wometa sitinausiye. Maliro akaikidwa, pakapita masiku ochepa abale onse amakhala pabwalo n'kumetedwa mpala, kuti wakufayo apite bwino, otsala ayambe moyo wina. Mwana wobadwa m'mimba mwa malemu sangathawe. Ine ndinali nditaganiza kale zopempha kuti angondidula pang'ono pambali, monga amachitira anthu ena a mpingo. Ndinkaopa kuti lumo likadutsa pa katsitsi kowokera kaja sikadzameranso, ndipo ndinkaopa maso a anthu pa chipseracho. Koma tsopano zinali zina. Ndikakana, ndine mfiti. Ndikavula, aona chingwe chija kunkhongo ndi timadontho pamphumi, ndipo mphini zimaoneka bwanji ngati si choncho? Ndinaona kuti kulikonse ndigwa.

M'mawa mwake amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndi mwini mbumba yathu, anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango. Wometa amuna anali mwana wawo, msuweni wanga, munthu wapakamwa kuyambira tili ana. Anameta achimwene anga, anameta mng'ono wanga. Kenako anagwedeza lumo kundiloza.

"Iwe msuweni, bwera. Kapena chipewacho unabadwa nacho?"

Palibe anaseka. Ndinapita, ndinakhala pamtondo wogwetsa. Ndinavula ndekha. Ndinati, "Amalume, ndisanametedwe ndinene. Ine kumene ndinapita kuja sikunali kwa sing'anga. Ndinapita kuchipatala kukawokeretsa tsitsi, chifukwa dazi linkandichititsa manyazi. Njinga ija inathera pamenepo."

"Kuwokeretsa chiyani?" amalume anatchera khutu.

"Tsitsi, amalume."

Msuweni anandigwira mutu, kuupendeketsa uku ndi uku ngati akusankha dzungu. Anayamba kumeta kumbuyo, pang'onopang'ono, ndipo lumo litafika pachipsera anaima. Ndinamva anthu akuyandikira. Mayi wina anati, "Mayo ine!" Msuweni anayendetsa chala pachingwepo kuchokera khutu mpaka khutu.

"Ababa, bwerani muone. Awa ndi masokedwe a singano, timabowo take ito, ngati thumba la fetereza. Sing'anga wake uti amasoka chonchi?" Kenako anazungulira kutsogolo, kuyang'ana pamphumi. "Ndiye mbewu yake ndi imeneyi? Iwe, njinga yonse ija, yofiira ija, unagula udzu uwu? Ukanabwera kwa ine, ndikanakumata ubweya wa mbuzi ndi ulimbo, n'kundipatsa tayala limodzi lokha."

Wina anaphulika kuseka kumbuyo, kenako ena, pamaliro pomwepo. Amalume sanaseke. Anadzuka ndi ndodo yawo, anandiyang'ana kunkhongo nthawi yaitali, n'kukhudza ndi chala chawo chozizira.

"Chimawawa?"

"Chimaluma kukatentha."

"Wokhwima sabwera wapansi, nsapato zong'ambika," anatero, akuyang'ana anthu, osati ine. "Uyu ndi wopusa chabe. Mumete, timalize mwambo wa mlongo wanga."

Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzathokoza munthu ponditcha wopusa pagulu. Msuweni anameta mozungulira chipsera mosamala, osachicheka ngakhale pang'ono, ngakhale pakamwa pake sipanatseke. Katsitsi kowokera kaja anakadutsa kamodzi kokha, kanali kochepa. Kanagwera pansi pamodzi ndi la abale anga, anakasesa limodzi.

Kanameranso pambuyo pake, chimodzimodzi, kapatalipatali. Sikanawonjezeke, sikanachepe. Chipsera chilipo, ndipo ana a m'mudzi atopa nacho, sachiyang'ananso. Amuna a msinkhu wanga amandifunsa moseka, koma mmodzi anandipeza ndili ndekha panjira ya ku Nsadzo, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti kachipatalako kali pati. Ndinamutembenuzira nkhongo kuti aone bwino. Sanafunsenso.

Za mlongo wanga ndiye sindikudziwa. Tsiku lometa lija anali pomwepo, anaona zonse, sanaseke. Patapita nthawi anayamba kundiyankha moni. Koma anandiuza mawu amodzi tikugawana ziwiya za amayi. Anati, "Zoti unawadya ndasiya kuganiza. Koma pamene amayi ankafuna wowanyamula kupita nawo kuchipatala, njinga inali kumutu kwako." Ankanena zoona, chifukwa nthawi imeneyo tinawakweza pa njinga yakapalasa, iye akugwirizira kumbuyo, ine ndikukankha. Mpaka lero akaphika amatumiza mwana kudzapatsa ana anga, koma iye mwini pakhomo panga sanakhalepo pansi. Amaima pamphepete pa bwalo, kunena chimene wabwerera, n'kubwerera.