Ufa wa pa injini ya Mayi Masiye

Ku Kawale kunamveka kuti Mayi Dorica Masiye amathira nsembe. Akuti mzimu wa amuna awo, malemu a Ralph, unakana kumanda n'kukalowa mu injini ya chigalimoto chakale cha dizilo chimene anasiya, ndipo chikakana kulira m'mawa mayiwo amachipepesa ndi ufa. Nkhaniyi inachokera kwa a Veronica a nyumba yoyandikana, munthu amene mpanda wa njerwa amauona ngati neti ya udzudzu. Anaona okha: ufa woyera m'mbale, mayi atawerama pa injini, akutchula dzina la malemu.

Zoti ufa ankathira n'zoona. Zinazo ndiye za a Veronica.

A Dorica kwawo ndi ku Bembeke, ku Dedza. Anabwera m'tauni atakwatiwa ndi a Ralph, dalaivala wa ku Kanengo, amene atapuma ntchito anagula galimotoyo, ija yokoka ndi matayala onse anayi, n'kumakatenga kachewere kumudzi kudzagulitsa ku Chilinde. Zaka khumi ndi zisanu ntchito ya a Dorica inali yopatsira sipanala. Bambowo ankati akazi sadziwa galimoto, osadziwa kuti wopatsira sipanala alinso ndi maso. Maliro atatha, achibale ankati chigalimotocho chisanduka khola la nkhuku. Sabata yachitatu anangochiona chikutuluka pageti, a Dorica ali pachiwongolero, duku lili neng'a.

Amakaniko sawakhulupirira ngakhale pang'ono. Wina ku Biwi anawauza kuti pampu yatha, agule ina, koma atafika kunyumba anapeza kuti ndi fyuluta chabe yodzaza zinyalala. Chiyambire tsiku limenelo amakonza okha pakhomo. M'mawa uliwonse amasuzumira kunsi ngati kwadontha kanthu, akakapeza amakanunkhiza, ndipo utsi amauyang'ana mtundu ngati akusankha chitenje.

Mphekesera ija inafika kutchalitchi. A Dorica anauzidwa kuti Loweruka kubwera mkulu wa mpingo, Bambo Josiah, ndipo zikapezeka zoona abweze yunifolomu ya bungwe la amayi, bulauzi yoyera imene akhala akuvala zaka makumi awiri. Anangoyamba kuwerenga mumtima amene amawapatsa moni mochita kuwonjeza, ndipo onse anatuluka okayikitsa.

Sabata imeneyo galimoto inali itayambanso matenda ake. M'mawa inkakana kulira mpaka aipope kaye pamanja, kusonyeza kuti penapake paipi ya dizilo ikuyamwa mpweya. Lachisanu anatsuka injini ndi sopo n'kuisiya iume.

Bambo Josiah anafika ndi Baibulo kukhwapa n'kuima patali ndithu, pafupi ndi geti, poti akathawa asapunthwe. Mpando anaukana. Kunja a Veronica ankasesa malo amodzimodzi kachitatu.

A Dorica anatuluka ndi mbale ija. Anawaza ufa motsatira mapaipi, kuyambira pa fyuluta mpaka pa pampu, kenako anapopa, n'kuliza injini. Anauza mkuluyo kuti asunthire pafupi, asaope, ayang'ane ufawo basi. Bambo Josiah anabwera chammbali, khosi lokha litatsogola.

Panapita mphindi zingapo. Paliponse ufa unali mbee, koma pafupi ndi fyuluta panayamba kadontho kakuda, n'kumakula pang'onopang'ono. A Dorica anazimitsa injini, anapala ndi chala, ndipo panatuluka paipi yong'aluka, yokulungidwa ndi malegeni akale ofumbutuka. Anafotokoza kuti pa injini yakuda bii dizilo wothonya pang'ono saoneka, koma pa ufa sangabisale.

Bambo Josiah anakhudza, ananunkhiza chala, anachipukuta ndi mpango, n'kununkhizanso. Anati dizilo ndi dizilo ndithu, yunifolomu palibe woitenga, akanena okha kumpingo. Tsache la a Veronica linasiya kulira. Komabe nkhope ya mkuluyo sinamasuke. Anayang'ana mbale, anayang'ana injini, n'kutsitsa mawu.

"Nanga dzina la malemu mumatchuliranji, mayi?"

A Dorica anakoka malegeni aja n'kuwaonetsa m'mwamba, kuti ndi a kugeti omwe aone.

"Ndimawakalipira, abambo. Anamanga izi ndani? Munthu analephera kukonza paipi ali moyo, ndiye ndizimuwonongera ufa ali kumanda?"