Chipewa cha Eneya

Ku Mkanda kunalibe amene ankaudziwa mutu wa Eneya. Ankangodziwa chipewa chake chaulusi, chimene sankavula ngakhale akupalasa kabaza mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Za pansi pa chipewacho ankazidziwa ndi mkazi wake yekha, Stelia: khungu lonyezimira mafuta ngati chiwaya cha tchipisi, ndi tsitsi limene linayamba kuyoyoka adakali mnyamata.

"Bambo a Mayamiko," ankatero Stelia, "mafuta ophikira akatithera, mazira tizikazingira pamutu panupo." Akatero ankamutengera kubafa n'kumusambitsa mutuwo ndi madzi ofunda, pang'onopang'ono.

Mimba yachiwiri inamuvuta Stelia. Atagonekedwa m'chipatala, Eneya anasowa womusambitsa, ndiye anamvera anzake apasiteji. Wina anati sopo waufa wochapira zovala amadula mafuta. Wina anamugulitsa kabotolo kopanda dzina kochokera ku Chipata. Mafuta sanathe. M'malo mwake m'mutu munabuka zilonda, chipewa n'kumamatirira kumutu.

Stelia anapita ndi mimbayo.

Eneya anali mkamwini, ndipo mkamwini mkazi akafa amasudzulidwa, ana n'kutsala kuchikazi. Koma a Yohane, atsibweni ake a Stelia, anamulimbitsa mtima. "Inu ndinu munthu wofatsa. Khalani pompano, mulere Mayamiko."

Linafika tsiku lometa maliro. Abale anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, lumo likuyenda mutu ndi mutu. Kamayamiko anakameta koyamba, kakuseka kuti lumo likukagirigisha.

"Akamwini, vulani chipewa," anatero a Yohane.

Eneya anazengereza. Atachikoka, chinachoka ndi nkhanambo ndi timatsitsi tofiirira.

Apongozi ake aakazi analavula pansi. "Si izi! Tsitsi lotere munaliona pa munthu wabwinobwino? N'chifukwa chake amabisa. Matenda ake akumsewu ndi amene andidyera mwana."

"Amayi, ndi sopo chabe," anatero Eneya. "Ndimafuna kuchotsa mafuta."

"Sopo! Ife timasamba dothi?"

Eneya anayang'ana uku ndi uku. Munthu yekhayo womuikira umboni anali kumanda. A Yohane anamumeta mkono utatalikira, ndipo atamaliza anakaponya lumolo m'chimbudzi. Za kukhala pamudzi sanazitchulenso. M'mawa mwake Eneya anapeza zovala zake zitamangidwa kale m'chitenje cha malemu.

Atasiya sopo uja ndi kabotolo kaja, zilonda zinapola zokha. Tsitsi silinamerenso. Lero amapalasa kabaza osavala chipewa, dazi likuwala, poti chobisa chinatha. Tsiku la msika amazungulira dala kuti adutse njira ya kwa apongozi ake, n'kuliza belu kawiri. Mayamiko akati athamangire kumsewu, dzanja limatuluka pakhomo n'kumukokera m'nyumba.