Ufa Wobiriwira wa ku Parklands

Mwezi wa Malichi ku Parklands unkanunkhira fumbi ndi malata otentha, mvula isanagwe. Tinkakhala m'nyumba yam'mwamba, pakuti bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina mu Nairobi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mlongo wanga Tadala zisanu ndi chimodzi. Pansi pathu pankakhala banja lachihindu, ndipo mwana wawo Nilesh ndiye anali mnzanga.

Chaka chimenecho anatiitanira ku Holi, chikondwerero chawo chopakana utoto. Masiku angapo chisanafike tinkaima pa duka lapakona, kumangoyang'ana ufa wounjikidwa ngati timapiri m'mabeseni, wofiira, wachikasu, ndi wina wobiriwira wonyezimira ngati msana wa chikumbu. Ine ndinasankha wobiriwirawo.

M'mawa wa tsikulo amayi ake a Nilesh anakhala pakhonde ndi botolo la mafuta a kokonati, akudzoza ana mmodzimmodzi kumaso, m'khosi, mpaka m'tsitsi. Tadala anali ataima kale pamzere pamene mayi athu anatsika masitepe mothamanga.

"Asante, mama, koma awa ayi," anatero mwaulemu. Kenako anatinong'oneza: "Kusewera sewerani. Koma inu munabatizidwa kale, zodzozana za mapemphero a eni ake muzisiye."

Za m'bwalomo ndimazikumbukira ngati maloto. Mpweya unafiira, kenako unachita chikasu, ndipo anthu ankatulukira mu utsiwo opanda nkhope zawo zamasiku onse. Agogo ake a Nilesh ankavina ndevu zili pinki. Ng'oma inkamveka ngati ikulirira pansi pa madzi. Ndinatapa ufa wanga wodzadza dzanja n'kumupaka Tadala kumaso, iye akuseka, maso ali tong'o.

Madzulo utoto wa Nilesh unachoka ndi madzi okha. Wathu unakanirira. Mayi anatikhula ndi sopo ndi chinkhupule, koma khungu la Tadala linangotuluka matuza, ndipo diso lake lakumanzere linatupa mpaka kutsekeka. Kuchipatala adokotala anati ufawo sunali wa maluwa ndi zikasu monga wakale, koma utoto wa kufakitale wosakaniza ndi timchenga, ndipo unali utakanda diso. Ngati lidzaonanso, anati tidzadziwa pakatha sabata.

"Simunawadzoze mafuta? Amathandiza kuti utoto usagwire khungu," anatero.

Mayi anangoyang'ana pansi.

Sabata imeneyo nyumba inali zii. Tadala ankagona makatani otseka, bandeji kumaso, akumvetsera ndege zopita ku bwalo la ndege la ku Embakasi. Masana aliwonse amayi ake a Nilesh ankakwera masitepe ndi chapati zokutira m'kansalu, ndipo mayi ankazilandira ndi manja awiri. Tsiku lomasula bandeji, Tadala anatseka diso labwinolo, nandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achimwene, ndikukuonani, koma muli ngati m'nkhungu."

Nkhunguyo sinachokenso.

Panthawiyo ndinkakhulupirira kuti Mulungu anatilanga chifukwa cholowa m'chikondwerero cha eni, ndipo kuti anadzera m'dzanja langa. Ndinapempha chikhululuko zaka zambiri pa tchimo limenelo. Lero ndikudziwa kuti panalibe chilango. Panali ufa woipa umene munthu wina anapanga osaganizira maso a ana, ndi amayi awiri, aliyense akuteteza ana ndi zimene ankadziwa. Tadala ndi agogo tsopano. Chimwalirire mkazi wanga, amabwera Lamlungu lililonse kudzandiona, ndipo mpaka pano sanandifunsepo kuti dzanja lija linali la ndani.